Kuchokela pa pini ya Nokia kufika pa Type-C: mbili ya kanthambo kamene kamatidyela ndalama

Amene tinagwilako foni m'zaka za m'ma 2000 tikumbukila funso limene linali kumveka paliponse, m'nyumba, ku koleji, ngakhale pamalilo: "Chaja yanu ni ya pini yaikulu kapena yaing'ono?" Yankho likapanda kugwilizana na kabowo ka foni yanu, munali kukhala chabe na foni yozima. Nokia yokha inali na mapini awili, Motorola inali na nsonga yakeyake, Sony Ericsson inali na nsonga yotambalala ya mano ambili, ndipo Samsung inali kusintha kabowo kawilikawili ikatulutsa foni yatsopano. Ambili a inu achinyamata munapeza zimenezo zitatha. Munakulila m'nthawi imene nthambo imodzi imalowa m'mafoni ambili.

Nanga n'chifukwa chiyani kupeza nthambo yabwino kukali kovuta? Mbili ya kanthambo aka ili na yankho. Pamene maiko na makampani anagwilizana kuti nsonga zikhale zofanana, kusiyana konse kunathawila mkati mwa nthambo, kumene maso saona. Ndiye chifukwa chake lelo pa Katondo Street mu Lusaka, ku Chisokone ku Kitwe kapena ku Kapata ku Chipata, mungapeze nthambo ziwili zooneka ngati mapasa, koma ina imadzaza foni m'maola awili pamene inzake imafuna usiku wonse.

Mafoni a m'manja anayamba kufalikila kuno kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, pamene Telecel na Zamcell anabwela kudzapikisana na Zamtel. Telecel inagulidwa na MTN mu 2005, ndipo Zamcell inadzakhala Celtel, kenako Zain mu 2008, na Airtel mu 2010. Foni imene ambili anayambila inali Nokia 3310 ya mu 2000, kapena Nokia 1100 ya mu 2003, imene inagulidwa zoposa 250 miliyoni padziko lonse. Chaja ya masiku amenewo inali chinthu chimodzi, mutu na nthambo zomatana, ndipo inali kubwela m'bokosi pamodzi na foni. Batili inali yaing'ono, yosapitilila 1,000 mAh, ndipo inali kukhala masiku angapo isanathe moto. Kawaya kopyapyala kanali kokwanila nchito imeneyo. Palibe amene anali kupita mu tauni kukagula nthambo payokha, chifukwa malonda otelo kunalibe.

Nthambo imene tiidziwa lelo inachokela ku makompyuta. Mu January 1996, makampani 7 kuphatikizapo Intel, Microsoft, IBM na Compaq anatulutsa USB, ndipo mmodzi wa amene anatsogolela nchitoyo anali Ajay Bhatt wa ku Intel. Cholinga chawo chinali chakuti kiyibodi, mausi na pulinta zizilowa m'kabowo kamodzi. Mkati mwa nthambo anaikamo mawaya anayi: awili onyamula data, awili onyamula moto. Motowo unali wochepa, ma volt 5 na theka la amp, kutanthauza ma watt awili na theka. Unali wokwanila kuyendetsa mausi. Kudzaza batili ya foni kunalibe m'maganizo mwawo. Nsonga zing'onozing'ono zinabwela pambuyo pake, Mini-USB mu 2000 na Micro-USB mu January 2007.

Limodzi mwa maiko oyamba kutopa na chisokonezo cha machaja linali China. Mu December 2006, boma la kumeneko linakhazikitsa muyezo wakuti mutu wa chaja uzikhala na kabowo ka USB, ndipo nthambo izikhala yochotseka. Ganizo linali labwino: munthu akasintha foni asataye chaja yonse. Koma apa m'pamene nthambo inabadwa monga katundu wogulitsidwa payekha. Fakitale iliyonse yokhala na makina ochepa inatha kuyamba kupanga nthambo popanda kupanga foni, ndiponso popanda kuyankha mlandu foni ikaonongeka. Zambili zimene zimapachikidwa m'tuntemba twathu lelo zimachokela m'mafakitale a kumeneko, zabwino na zagong'a zomwe, ndipo zimafika kuno m'makontena amodzi.

Mu February 2009, bungwe la makampani a mafoni la GSMA linalengeza ku Barcelona kuti pofika 2012 mafoni ambili atsopano azichajidwa na Micro-USB. Mu June chaka chomwecho, makampani akuluakulu anasaina pangano lofanana na limeneli na European Commission. Malinga na a ku Europe, mitundu ya machaja inatsika kuchoka pa 30 kufika pa itatu. Apple inasaina nawo, koma inapitiliza njila yake: mu September 2012 inatulutsa iPhone 5 na nsonga yatsopano yochedwa Lightning. Kwa ife amene tinali na Tecno, itel, Huawei kapena Samsung, zaka zimenezo zinali zopumula. Chaja imodzi inali kutumikila nyumba yonse, ndipo mlendo sanali kufunsidwanso za mapini.

Micro-USB inali na mbali yake imene ambili sitinauzidwe. Tija tumano tuwili tumene tumakola nsonga m'foni anatuika dala pa nthambo m'malo mwa m'foni, kuti chimene chizitha chikhale chochipa kusintha. Pamuyezo, nsongayo iyenela kupilila kulowa na kutuluka ka 10,000. Amene anafuna phindu lamsanga anaona mpata pomwepo: akapanga tumano na chitsulo chofewa, nthambo imayamba kugwedela m'masabata ochepa, ndipo mwini wake amabwelanso kudzagula ina. M'pamene tinaphunzila luso lopinda nthambo, kuitsamiza pa buku, na kuuza ana kuti asayandikile foni chifukwa "yagwila".

Pamene izi zinali kuchitika, mafoni anali kukula. Sikilini yaikulu, WhatsApp, Facebook na mavidiyo zinafuna batili yaikulu, ndipo lelo ngakhale foni yochipa imabwela na 5,000 mAh. Masamu ake ni osavuta. Pa theka la amp limene USB inayamba nalo, batili yotelo imafuna maola 10 kapena kuposa. Pa ma amp awili imafuna maola ngati atatu. Kuti moto wambili udutse, mu 2012 kunabwela njila yochedwa Power Delivery yofika ma watt 100, ndipo mu August 2014 kunabwela USB-C, imene timaicha Type-C. Ili na mapini 24 ndipo imalowa mbali zonse ziwili. Mu 2021 malile ake anakwezedwa kufika ma watt 240. Kanthambo kamene kanapangidwila mausi kanayamba kusenza katundu wa laputopu.

Mavuto anaonekela msanga, ndipo sanayambile kuno. Kumapeto kwa 2015, injiniya wa ku Google dzina lake Benson Leung anayamba kugula nthambo za Type-C pa Amazon, kuziyesa, na kulemba zimene wapeza. Zambili zinali zosatsatila muyezo. Nthambo ya Type-C imene mbali ina ili na nsonga yakale ya USB iyenela kukhala na resistor ya 56 kilo-ohm, imene imauza foni kuti isakoke moto woposa umene chaja ingakwanitse. Opanga ena anali kuikamo resistor yolakwika. Kuchiyambi kwa 2016, nthambo ina yolumikizidwa molakwika inaononga laputopu yake ya Chromebook Pixel, ndipo mu March chaka chomwecho Amazon inaletsa kugulitsa nthambo za Type-C zosatsatila muyezo. Tiganizilepo apa. Ngati zagong'a zinalowa m'sitolo yaikulu chonchi ku America, palibe chifukwa choti zilephele kufika pa thebulo la m'mbali mwa mseu ku Kamwala.

Chimene chimasiyanitsa nthambo yabwino na yoipa ni chinthu chimene ife a Zambia tichidziwa bwino: mkuwa. Mu Africa, dziko limene limatiposa kukumba mkuwa ni DRC yokha, ndipo ku Luanshya kuli fakitale ya ZAMEFA imene imapanga mawaya a malaiti. Koma mkuwa wambili umachoka m'dziko lino usanasanduke katundu, ndipo pobwelela m'kanthambo ka foni nthawi zina umabwela wochepa kwambili. Chifukwa mkuwa ni wodula, wopanga wofuna kuchipitsa amachita ziwili. Amachepetsa kunenepa kwa waya, kapena amatenga aluminiyamu n'kuipaka mkuwa pamwamba. Aluminiyamu imadutsitsa pafupifupi 60 pelesenti chabe ya moto umene mkuwa wa kukula komweko umadutsitsa, ndipo imathyoka msanga ikamapindidwa. Pulasitiki yakunja ingakhale yonenepa, yokongola, yolukidwa ngati chingwe cha nsapato, koma pulasitiki sinyamula moto.

Kunenepa kwa waya kumayezedwa na nambala ya AWG, imene nthawi zina imalembedwa pa nthambo kapena pa paketi. Nambala ikachepa, waya ni wonenepa. Pa nthambo ya mita imodzi yokhala na mawaya a 28 AWG, foni ikakoka ma amp awili, pafupifupi 0.8 pa ma volt 5 aja imathela m'njila n'kusanduka kutentha. Pa 24 AWG pamatayika ngati 0.3 chabe. Nthambo ikakhala ya mamita awili, kutayikako kumawilikiza. Foni ikaona kuti moto wafooka imachepetsa yokha zimene ikukoka, koma chizindikilo cha kuchaja chimaonekabe pa sikilini. Ndiye mumagona mukuganiza kuti foni ikudya, m'mawa n'kupeza ili pa 40.

Mbali yothela ya mbiliyi inachitikanso ku Europe. Mu 2022, European Union inapanga lamulo lakuti kuyambila pa 28 December 2024 mafoni onse atsopano ogulitsidwa kumeneko akhale na Type-C, ndipo malaputopu atsatile mu April 2026. Anati machaja otayidwa na osagwilitsidwa nchito anali kufika matani 11,000 pachaka. Apple inasiya Lightning pa iPhone 15 mu September 2023. Koma panthawi imodzimodzi bokosi linayamba kupepuka: Apple inachotsamo mutu wa chaja mu October 2020, Samsung inatsatila pa Galaxy S21 mu January 2021. Kuno ambili timagula mafoni ogwilitsidwapo kale nchito, amene amabwela opanda bokosi n'komwe. Udindo wosankha chaja na nthambo, umene kale unali wa kampani yopanga foni, manje uli m'manja mwathu.

Chaka cha 2024 chinatiphunzitsa kulemela kwa udindo umenewu. Chilala chinachepetsa madzi ku Kariba, boma linalengeza tsoka la dziko pa 29 February, ndipo pofika September makomboni ambili anali kuona malaiti maola atatu chabe patsiku, nthawi zina pakati pa usiku. M'maola atatu amenewo nthambo yabwino imatha kudzaza foni, pamene yofooka imaisiya isanafike pakati. Foni yozima masiku ano ni nkhani ya ndalama. Wa pa booth ya mobile money satumiza kanthu, wa njinga yamoto samva kasitomala, wophunzila saona uthenga wa kalasi, wofuna nchito amaphonya foni imene wakhala akuiyembekezela miyezi.

Zimene mbiliyi itiuza pogula n'zosavuta kusunga. Maonekedwe na dzina lolembedwa pa paketi si umboni, chifukwa zonse ziwili amakopela. Umboni ni kuyesa. Nyamulani foni na mutu wanu wa chaja, mupemphe wogulitsa kuti mulumikize pomwepo, muone ngati foni ikuonetsa kuti ikuchaja mwamsanga. Pa Android pali ma app monga Ampere amene amaonetsa moto umene ukulowa, ndipo mungayelekeze nthambo ziwili m'mphindi zochepa. Nsonga ikhale yolimba m'kabowo, isagwedele, ndipo isatenthe. Sankhani ya mita imodzi ngati simufunika yaitali. Yang'anani pamene palembedwa 3A kapena 60W: imeneyo ni yokwanila mafoni ambili. Ya 5A, imene muyezo umafuna kuti ikhale na kachipu mkati, ni ya malaputopu na mafoni ochepa, choncho musalipile zimene foni yanu singagwilitse nchito. Ndipo kumbukilani kuti nthambo yabwino singakonze mutu wa chaja wagong'a.

Za mtengo, tiyelekeze chabe. Nthambo ya K25 imene imafa mwezi uliwonse imadya K300 pachaka, pamene ya K100 ikakhala chaka chonse yakusungilani K200. Koma yodula nayo ingakhale yagong'a yovala suti, ndiye gulani kwa munthu amene mudzam'peza pamalo omwewo mawa, ndipo mupemphe lisiti. Lamulo la Competition and Consumer Protection la mu 2010 limaletsa wamalonda kupachika mau akuti katundu akagulidwa sabwezedwa, ndipo limati wogulitsa katundu woonongeka am'sinthe kapena abweze ndalama. Madandaulo otelo amapita ku CCPC. Ambili timachita manyazi kubweza kanthu ka K50, ndipo manyazi amenewo ndiwo amasunga malonda a gong'a. Wogulitsa amene wabwezeledwa nthambo zisanu m'sabata imodzi amasintha kumene amaoda.