Mbiri ya mankhwala opaka ochititsa dzanzi pakhungu

Mankhwala ochititsa dzanzi, omwe amaletsa mitsempha kutumiza uthenga wa ululu ku ubongo pamene munthu ali maso, analowa m'zipatala mu 1884, pamene Carl Koller, dokotala wa ku Vienna, anadontheza kokeni m'diso n'kupeza kuti likhoza kuchitidwa opaleshoni wodwala osamva kuwawa. Njirayi inatheka m'diso ndi m'kamwa chifukwa malowa ndi onyowa ndiponso ofewa, koma pakhungu inakanika, popeza kachikopa ka pamwamba, kopangidwa ndi maselo akufa ndi mafuta, kamatchinga zambiri zosungunulidwa m'madzi. Motero kwa zaka pafupifupi 100, aliyense wofuna kuti khungu lichite dzanzi ndi mankhwala oterewa ankayenera kulibaya kaye, ndipo ululu wa singano unkachotsedwa ndi singano inanso.

Yankho linachokera ku Sweden, kumene Nils Löfgren ndi Bengt Lundqvist anapanga lidocaine mu 1943 ku Stockholm, mankhwala omwe kampani ya Astra inayamba kugulitsa mu 1948 pa dzina la Xylocaine, ndipo pambuyo pake kunabwera mankhwala ena ofanana nawo otchedwa prilocaine. Paokha, onse awiriwa ndi olimba ngati mchere, chifukwa lidocaine amasungunuka pa madigiri pafupifupi 68 ndipo prilocaine pa madigiri pafupifupi 37, koma akatswiri a Astra anapeza kuti akasakanizidwa pamlingo wofanana amasanduka mafuta ngakhale pa madigiri 18 okha. Izi zinathandiza kupanga kirimu wokhala ndi timadontho todzadza ndi mankhwala enieniwo m'malo mwa mafuta ena osungunulira, ndipo kuchuluka kumeneku n'kumene kunawapatsa mphamvu yoloŵerera khungu. Kirimuyo, wotchedwa EMLA, anavomerezedwa ku Sweden mu 1984 ndipo ku America mu 1992.

Pomugwiritsa ntchito, namwino amaika chibulumwa cha kirimu kuseri kwa dzanja, pamwamba pa mtsempha wa magazi, n'kuphimbapo ndi pulasitala yoonekera mkati kuti asaume, ndipo pakatha ola limodzi pamalopo pamayererako, dzanzi litafika mamilimita pafupifupi 3 kuloŵa mkati. Kwa makanda mlingo umachepetsedwa kwambiri, chifukwa prilocaine wochuluka amachepetsa mphamvu ya magazi yonyamula okosijeni.

Kufala kwa kirimuyu kunagwirizananso ndi kusintha kwa maganizo a madokotala, omwe ambiri ankakhulupirira kuti makanda samva ululu ngati akuluakulu, mpaka pamene Kanwaljeet Anand ndi Paul Hickey anasonkhanitsa umboni wotsutsa zimenezi mu 1987. Vuto limene latsala ndi la nthawi, popeza ngakhale mankhwala ena opaka otchedwa tetracaine, amene anakonzedwa pambuyo pake ku Belfast, amafuna mphindi 30 mpaka 45, nthawi imene namwino wokhala ndi mzere wautali wa ana odikira katemera sakhala nayo kawirikawiri.