Supercharger

Supercharger ndi chipangizo choyendetsedwa ndi injini, kawirikawiri kudzera pa lamba, chimene chimakankhira mpweya wochuluka m'masilinda kuti galimoto ikhale ndi mphamvu zoposa.

Mtundu wa Roots udachokera kwa Philander ndi Francis Roots, abale a ku Indiana, amene adaulembetsa mu 1860. Mercedes idaonetsa galimoto zokhala ndi supercharger mu 1921. Kunena za zovuta za chipangizochi, paipi ya mpweya ikang'ambika, kapena gasiketi ikatha, mpweya umathawira kunja ndi kamluzu, ndipo mphamvu imachepa. Tsono popeza ming'alu yotere siioneka msanga ndi maso, amakaniko amapopera utsi m'mapaipi, kapena kupakapo thovu la sopo, nayang'ana potulukira pake. M'mitundu yopangidwa ndi kampani ya Eaton, oilo wa magiya amakhala payekha, ndipo amadontha silo ya kuseri kwa pule ikatha. Lamba wolefuka amaterereka, nalira.

Onaninso turbocharger, yozunguzidwa ndi utsi wa ekizosi.