Kaduwa ka pa kamera ndi ntchito yake kumunda

Makamera ang'onoang'ono olowa m'thumba, monga Canon IXUS, Nikon Coolpix ndi Sony Cyber-shot, akadalipo m'makomo ena muno mu Angónia. Ena adabwera ndi abale ochokera ku Joni, ena adagulidwa ogwiritsidwa kale ntchito. Eni ake ambiri amawasiya pa AUTO ndipo amangowatulutsa pa ukwati kapena pa ubatizo. Komatu pali batani kapena kagudumu kolembedwa SCN, komwe kamatsegula njira zojambulira zokonzedweratu. Njira iliyonse ili ndi chizindikiro chake: kaduwa, kaphiri, mutu wa munthu, kamunthu kothamanga, ndi mwezi kapena nyenyezi. Kamera ikakhala m'Chipwitikizi, mayina ake amakhala monga Macro, Paisagem, Retrato ndi Desporto.

Kwa mlimi, chizindikiro chofunika kuposa zonse ndi kaduwa. Pa makamera ambiri kaduwaka kali ndi batani lakelake kumbuyo, pafupi ndi la fulashi. Kamathandiza kamera kuona bwino chinthu chimene chili pafupi kwambiri, pa masentimita ochepa chabe.

Chiyambire 2017, pamene mbozi ya ntchemberezandonda, imene alangizi amaitcha lagarta do funil, idalowa m'minda ya chimanga ku Mozambique ndi ku Malawi, nkhani yozindikira mbozi yakhala yaikulu. Mboziyi ili ndi mzere wooneka ngati Y wozondoka pamutu, ndiponso madontho anayi akuda pafupi ndi kumchira, oima ngati ngodya za bokosi. Kapuchi, amene amaboola phesi, alibe zimenezi. Mlimi wa ku Dómuè akapita ku ofesi ya SDAE ku Ulónguè ndi chithunzi cha mbuu, mlangizi amangoganizira, ndipo mlimi atha kuwononga ndalama pa mankhwala osayenera. Chithunzi choonetsa mutu ndi mchira chimathetsa kukayika.

Kajambulidwe kake n'kosavuta. Mbozi aiike pa tsamba kapena pa chikhatho, pamthunzi wowala, osati padzuwa la masana. Fulashi azimitse, chifukwa pafupi chonchi imangoyeretsa chithunzi chonse. Zoom asaigwiritse ntchito, koma asendeze kamera yeniyeniyo. Kenako adine batani lojambulira mpaka theka, adikire kabokosi kobiriwira kapena kulira kwa kamera, ndiye amalizitse. Apa ndi pamene anthu ambiri amalakwitsa, pofulumira kudina kamodzi n'kamodzi. Kuika kandalama kachitsulo kapena kamtengo ka machesi pambali kumaonetsa kukula kwa mboziyo.

Alimi a mbatata ya kachewere, a kuno ndi a ku Tsangano, ajambule tsamba mbali zonse ziwiri. Chiwawu chimene chimabwera ndi mvula yamvumbi chimaoneka pamwamba ngati mawanga akuda, koma nkhungu yake yoyera imamera kunsi kwa tsamba, ndipo imaoneka bwino m'mamawa kusanaume.

Akamaliza, akumbuke kuchotsa kaduwako. Akaiwala, pa makamera ena zithunzi za anthu ndi za patali zimatuluka zosaoneka bwino.

Kaphiri ndi ka zinthu zakutali. Kamagwira ntchito pamene matalala kapena madzi osefukira awononga munda ndipo mwini wake akufuna kuonetsa kukula kwa vutolo. Dzuwa likhale kumbuyo kwa wojambula, ndipo m'chithunzimo mulowe chinthu chodziwika, kaya ndi mtengo, nyumba kapena phiri. Tsiku ndi nthawi za mu kamera zikhale zolondola, pakuti kamera imazisunga m'chithunzi chilichonse. Kamera imene yakhala miyezi yopanda batire nthawi zambiri imaiwala tsiku.

Kamunthu kothamanga kamajambula mofulumira, motero n'kabwino pa mpira, pa ng'ombe zoyenda ndi pa magule, malinga kunja kukuwala. Koma pa Gule Wamkulu, kamera isatuluke m'thumba akuluakulu a dambwe asanalole.

Usiku ndiye makamerawa amafooka. Fulashi yawo imathera pa mamita atatu kapena anayi, choncho kujambula msonkhano wonse uli kutali n'kungotha batire. Njira ya mwezi ija imachedwa kutseka kuti ilandire kuwala kokwanira, ndiye dzanja likangonjenjemera chithunzi chawonongeka. Ndi bwino kukhazika kamera pa mpando kapena pa thumba la chimanga n'kutchera nthawi ya masekondi 2 kapena 10 kuti ijambule yokha.

Kuzizira kwa Juni ndi Julaye kuno kumapiri kumafooketsa batire msanga. Batire yapadera isungidwe m'thumba la mkati, pafupi ndi thupi. Kamera ikachita nthunzi pa galasi, aisiye iume yokha asanaiyatse, osapukuta ndi malaya a fumbi la kumunda.