Mphini za m'chigwa cha Shire ndi mankhwala a m'thupi momwe

David Livingstone atakwera mtsinje wa Shire mu 1859 n'kufika kwa Chibisa, pafupi ndi boma la Chikwawa la lero, anapeza Amang'anja ali ndi mphini zodzikongoletsera, amayi atavala pelele pamlomo. Zokongoletsazo zinatha kalekale, koma mphini zamankhwala zilipobe. Munthu akagwidwa litsipa, kapena msana ukamuthyoka ndi khasu la m'munda wa thonje, sing'anga amamutema timabala pomwe pakuwawapo n'kutikitamo phulusa la mizu yootcha. Ena amalumika ndi nyanga kuti magazi oipa atuluke. Mwambo umene wapirira amishoni, Atsamunda ndi zipatala za boma sungafotokozedwe ndi umbuli wokha. Unakhalitsa chifukwa ululu umachepadi, ndipo pomwepo ndi pamene pali ngozi yake.

Ululu ndi uthenga woyenda m'minyewa. Khungu likavulala, minyewa imatulutsa timadzi totchedwa substance P, amene Ulf von Euler ndi John Gaddum anawatulukira mu 1931, ndipo timathandiza uthengawo kuwolokera m'fupa lamsana kupita ku ubongo. Koma thupi lili ndi njira yautsekera. Mu 1973 Candace Pert ndi Solomon Snyder anapeza malo m'ubongo amene morphine amakakamirapo, ndipo mu 1975 John Hughes ndi Hans Kosterlitz a ku Aberdeen anaonetsa chifukwa chake malowo alipo: ubongo umadzipangira mankhwala ake ofanana ndi morphine, otchedwa enkephalin. Mu 1979 Daniel Le Bars ndi anzake ku France anaonetsanso kuti ululu watsopano wakuthwa umachititsa ubongo kufooketsa uthenga wa ululu wina. Lumo la sing'anga ndi kuthethetsa kwa phulusa pabala ndi ululu wamtundu umenewo. Madokotala achizungu a m'nthawi ya Livingstone nawonso ankalumika odwala ndi kuwamatuza khungu dala, choncho Amang'anja ndi Asena sanali okha m'njira imeneyi.

Ena amati zonsezi n'chikhulupiriro chabe, wodwala amangodzinamiza. Koma mu 1978 Jon Levine, Newton Gordon ndi Howard Fields, poyesa anthu amene anali atangozulidwa mano, anapeza kuti amene ululu unawachepera atalandira mankhwala opanda mphamvu unawabwerera atapatsidwa naloxone, mankhwala otsekereza malo a morphine aja. Ndiye kuti chiyembekezo chimatulutsa mankhwala enieni m'thupi. Wodwala amene wakhala pamphasa ya sing'anga wodziwika, abale atamuzungulira, akamati wapezako bwino sakunama, ndipo wachipatala amene amamuseka amangomuthamangitsira komweko.

Ena amatembenukira kwina, amvekere: ngati zimathandiza, zisiyeni. Apa ndipo ndikukana kwamtuwagalu. Chigwa ichi ndi cha malungo ndi likodzo, matenda amene amatupitsa kapamba. Mwana wotemedwa mphini kumanzere kwa mimba akhoza kutonthola usiku umodzi, koma tizilombo tili m'magazi momwemo, ndipo kutonthola kwakeko ndi kumene kumachedwetsa ulendo wa kuchipatala. Enkephalin amatseka uthenga, sapha kachilombo. Bishopu Charles Mackenzie anamwalira ndi malungo pa 31 Januwale 1862 pafupi ndi Chiromo, pamene Ruo amathira mu Shire, bwato litagubuduzika n'kumiza kwinini wake. Chimene chikanamupulumutsa ndi mankhwala olimbana ndi nthendayo, osati otonthoza. Kuchokera m'ma 1980 lumo logwiritsidwa ntchito pa anthu angapo linasanduka njira ya HIV, pamwamba pa matenda a chiwindi a hepatitis B ndi kafumbata amene amalowera m'bala lakuda.

Chimene chasunga mphini kufikira lero ndi mtundanso. Zipatala zazikulu zilipo ku Nsanje ndi ku Chikwawa, pamodzi ndi Montfort ku Nchalo ndi Trinity ku Muona, koma madzi osefukira a 2015 ndi namondwe Freddy wa 2023 anadula misewu ya kutsidya la kum'mawa kwa Shire, pamene sing'anga amakhala m'mudzi momwemo, amalandira nkhuku, ndipo amakhala pansi kumvetsera wodwala. Namwino wokhala ndi mzere wautali pakhomo ndi bokosi lopanda panado alibe nthawi yochitira zimenezo, ndipo kulalikira kuti mphini n'zachikale sikudzaza bokosilo.