Mtima wofewa, chisoni ndi chifundo

Pamaliro a ku Lundazi, kaya kwa Mwase pakati pa Achewa kapena kwa Mphamba pakati pa Atumbuka, sipalephera kupezeka mayi wolira mpaka kufooka pomwe malemuyo sanali mbale wake. Ena amati akudzionetsera. Omudziwa amangoti ndi wamtima wofewa. Munthu wotere akalowa m'nyumba amadziwiratu kuti muno munali mkangano, ngakhale eni ake akumwetulira.

Mtima wofewa si mtima wapachala, ngakhale yonse imagwidwa msanga: wapachala amapsa, wofewa amasweka. Koma mawu oyenera kuwasiyanitsa kwenikweni ndi chisoni ndi chifundo, zimene Atumbuka amati chitima ndi lusungu. Chisoni chimakugwira osakufunsa. Chifundo umachichita: kutungira madzi anamfedwa, kugona pasiwa, kuponya chipepeso m'mbale. Akatswiri a za ubongo Tania Singer ndi Olga Klimecki analemba mu 2014 kuti kumva ululu wa mnzako ndi kumufunira zabwino zimadzutsa mbali zosiyana za ubongo, ndipo ululuwo ukachuluka munthu amatopa n'kuyamba kumuthawa wovutikayo. Mwambi wathu umati chifundo chinapha nkhwali, koma ine ndimaona kuti chimene chimatha anthu ambiri ndi chisoni chosowa potulukira.

Elaine Aron wa ku America, m'buku lake la mu 1996, anati anthu 15 mpaka 20 mwa 100 alionse amabadwa okhudzidwa msanga ndi phokoso, kuwala, ngakhale nkhope yakugwa ya mnzawo. Anatsindika kuti si matenda. Zoona, komabe kumuuza munthu dzina la chibadwa chake sikumuuza chochita nacho.

Apa Atumbuka a mbali zonse za malire, ku Lundazi ndi ku Mzimba, ali ndi njira yawo. Pa vimbuza, gule wochiza amene UNESCO inamulemekeza mu 2005, nchimi, yemwe ndi sing'anga wa guleyu, kawirikawiri amakhala woti anayamba wadwala yekha, ndipo anchimi ena amati ng'oma zikatentha amamva nthenda ya wodwala m'thupi mwawo momwe. Sindikuti wamtima wofewa aliyense ali ndi mizimu ayi. Chondikopa n'chakuti kumva kwa nchimi kuli ndi poyambira ndi pothera: ng'oma zikaleka m'bandakucha amavula mangwanda ake ovinira n'kukagona. Koma namwino wamtima wofewa amene waona mwana akutsirizika masana alibe ng'oma yomuuza kuti basi, ndipo madzulo akumudikira odwala ena.