Alopecia X: nthenda yothothola ubweya wa agalu a ubweya wambiri

Galu aliyense amathothoka ubweya nthawi zina, makamaka nyengo ikamasintha, ndipo ubweya watsopano umamera pomwe wakale wachoka. Koma pali vuto lina lomwe limagwira agalu a ubweya wochindikala: ubweya umathothoka osameranso, khungu limatsala poyera ndipo pang'onopang'ono limada. Madokotala a ziweto amalitchula vutoli kuti Alopecia X. Mawu akuti alopecia amatanthauza kuthothoka kwa tsitsi kapena ubweya, pomwe chilembo cha X chikusonyeza kuti gwero lenileni la nthendayi silinadziwikebe.

Agalu omwe amagwidwa

Nthendayi imapezeka kwambiri mwa agalu ochokera m'maiko ozizira. Wodziwika nayo kwambiri ndi Pomeranian, kagalu kakang'ono komwe dzina lake linachokera ku dera la Pomerania, lomwe lero lili m'maiko a Germany ndi Poland. Ena ndi Chow Chow wa ku China, Keeshond wa ku Netherlands, Samoyed ndi Husky a ku Siberia, komanso Alaskan Malamute. Imagwira agalu aamuna ndi aakazi omwe, ngakhale kuti imaoneka kawirikawiri mwa aamuna, ndipo nthawi zambiri imayamba galu atangokhwima kumene. Popeza imakonda mitundu yomweyomweyi, akatswiri amaganiza kuti ndi ya kumtundu.

Momwe imayambira

Agaluwa ali ndi ubweya wa mitundu iwiri: wa pamwamba, womwe ndi wautali ndi wolimba, ndi wa m'kati, womwe ndi wofewa ngati thonje. Ubweya uliwonse umadutsa m'magawo atatu: umakula, umaleka kukula, kenako umapuma mpaka watsopano utaukankha. Pa Alopecia X, mizu ya ubweya imaima pa gawo lopuma ndipo siyambanso ntchito.

Poyamba umathothoka ndi ubweya wa pamwamba, ndipo galu amaoneka ngati wabwerera ku ubwana chifukwa watsala ndi ubweya wofewa, wouma ndi wosawala. Kenako dazi limayamba pomwe pamakhulika kwambiri: m'khosi modutsa lamba, kumchira ndi kumbuyo kwa ntchafu. Limafalikira mofanana mbali zonse ziwiri za thupi, koma mutu ndi kumapeto kwa miyendo sizikhudzidwa. Khungu lotsala poyera limada, n'chifukwa chake ena amaitchula kuti nthenda ya khungu lakuda.

Chomwe chimaisiyanitsa ndi matenda ena n'chakuti galu samva kuyabwa. Amadya bwino, amasewera ndipo sakhala wofooka. Chodabwitsa china n'chakuti ubweya umatha kumeranso pamalo pomwe khungu lavulala kapena pomwe dokotala anadulapo kachidutswa kokapima.

Matenda ofanana nayo

Palibe njira imodzi yopimira Alopecia X. Dokotala amafika pa dzinali atatsimikiza kuti si matenda ena omwenso amathothola ubweya. Mphere, nthata ndi zipere ndizo zimafala kwambiri. Mphere za mtundu wina zimayabwa koopsa ndipo zimatha kupatsira anthu, monganso zipere. Pofuna kuzipeza, dokotala amapala khungu pang'ono n'kuunika pa makina oonera tizilombo.

Palinso matenda awiri a mahomoni omwe amafanana kwambiri ndi Alopecia X, koma ndi oopsa. Chithokomiro chikafooka, galu amanenepa, amachita ulesi ndipo amamva kuzizira. Pa nthenda ya Cushing, thupi limakhala ndi homoni ya cortisol yochuluka, ndipo galu amamwa madzi kwambiri, amakodza pafupipafupi, amadya mosakhuta ndipo mimba imalendewera. Onse awiriwa amapezeka popima magazi. Kwa galu wamwamuna wosathena, chotupa cha m'machende nacho chimatha kuthothola ubweya motere. Apa ndiye pagona kufunika kopita kwa dokotala: dazi lomwe likuoneka lopanda vuto likhoza kukhala chizindikiro cha nthenda yofupikitsa moyo.

Chithandizo

Alopecia X payokha siipha ndipo siipweteka. Palibe mankhwala omwe amathandiza galu aliyense. Kawirikawiri madokotala amayamba ndi kuthena galu, ndipo ena amamera ubweya m'miyezi ingapo, ngakhale kuti umatha kudzathothokanso. Njira yachiwiri ndi mankhwala a melatonin, omwe amaperekedwa kwa miyezi itatu kapena kuposerapo asanaweruze ngati akugwira ntchito. Amathandiza agalu ena, osati onse.

Mankhwala amphamvu monga trilostane ndi mitotane amatha kumeretsa ubweya, koma amasokoneza tiziwalo ta pamwamba pa impso tomwe timapanga cortisol, choncho galu ayenera kupimidwa magazi pafupipafupi. Madokotala ambiri amaona kuti si nzeru kuika moyo wa galu wathanzi pachiswe chifukwa cha maonekedwe okha.

Zoyenera kupewa

M'mizinda ya kuno kwathu, komwe agalu a ubweya wambiri akuwetedwa, eni ake ena amawameta mpala kukatentha mu Okutobala ndi Novembala. Kumeta kotere kuli ndi vuto lake, chifukwa mwa agalu a mitunduyi ubweya umatha kutenga miyezi yambiri, ngakhale chaka, usanabwerere. Ubweya wa pamwamba umatchinganso dzuwa. Chothandiza ndi kupesa galu pafupipafupi kuti ubweya wakufa wa m'kati uchoke, kumupatsa mthunzi ndi madzi okwanira.

Chizolowezi chopaka oyilo wakutha wa galimoto pa dazi n'choopsa. Oyiloyo amaotcha khungu, ndipo galu akamadzinyambita amameza poizoni.

Galu yemwe watsala ndi dazi ayenera kutetezedwa ku dzuwa la masana ndi kuzizira kwa mu Juni ndi Julayi. Mwini wake aziyang'ana khungu ngati likutuluka zilonda kapena fungo, popeza khungu lopanda ubweya siligwira ntchito yoteteza mokwanira. Ndi bwinonso kusabereketsa galu wotere, kuti vutoli lisapitirire kwa ana ake.