MWALA WOFIIRA WA KU CHIMWADZULU

Mvula ikagwa usiku wonse ku Changata, m'boma la Thyolo, madzi ofiira amatsika m'tinjira ta m'minda ya tiyi, nakokolola dothi kunka nalo kumitsinje. Kukaca ana amatola timiyala tonyezimira m'ngalande, ndipo nthawi zina munthu wamkulu yemwe, pocokera kothyola tiyi, amawerama natola kamodzi, nakamanga pa nsonga ya nsalu. Madzulo amaonetsa mnzace mobisa, nafunsa ngati si umenewu mwala uja umalemeretsa anthu. Kawirikawiri yankho lace limakhala lakuti iai. Koma funsolo si lopusa, pakuti m'dziko la Malawi mulidi phiri limene dothi lace lasunga miyala ya mtengo wapatali.

Mwala umenewu akatswiri amaucha korandamu, dzina locokera ku cinenero ca Atamil a ku India. Ukakhala wofiira amati rubi. Ukakhala wa maonekedwe ena ali onse, wonga thambo, wacikasu kapena wobiriwira, amati safiro. Maina ndi awiri koma mwala ndi umodzi, monga nyemba zofiira ndi zoyera ziri nyemba ndithu. Zopanga mwalawu ziri ziwiri zokha, ndipo zonsezo zimapezeka m'nyumba iri yonse. Coyamba ndi aluminiyamu, citsulo copepuka cija amapangira masefuliya. Caciwiri ndi okosijeni, mpweya umene munthu amaufuna popuma, umenenso umacititsa moto kuyaka. Ziwirizi zikagwirana pansi pa nthaka, m'kutentha kwakukulu, zimasanduka mwala wa mbali zisanu ndi imodzi, wooneka ngati kang'oma.

Korandamu wopanda cina ciri conse amaoneka ngati galasi. Kufiira kumadza ndi citsulo cina cochedwa kromiyamu, cimene cimalowamo pang'ono cabe, monga mcere m'ndiwo. Maonekedwe a thambo amadza pamene mwalowa citsulo wamba pamodzi ndi cina cochedwa titaniyamu.

Tsono munthu angathe kufunsa kuti, ngati aluminiyamu ali ponseponse, bwanji rubi ali wosowa cotere? Ndi zoona kuti pa zitsulo zonse za m'nthaka aluminiyamu ndiye woculuka. Ali m'dothi la ku Changata, m'njerwa, ndi m'dongo loumbira miphika. Cobvuta ndi silika, cinthu cimene cimapanga mcenga ndi nsangalabwi. Pali ponse pamene pali silika wambiri, aluminiyamu amagwirana naye, ndipo cotulukapo ndi miyala wamba imene pambuyo pace imafumbutuka nisanduka dongo. Korandamu amabadwa pokhapo pamene silika wacepa, ndipo malo otere ndi owerengeka. Kuti akhale wofiira pafunikanso kromiyamu, koma iye amakhala m'miyala ina yakuda ndi yolemera, yocokera pansi kwambiri. Kuti zonsezi zikomane pa malo amodzi, si kawirikawiri.

Kufufuza miyala ya dziko lino mwadongosolo kunakula m'masiku a Bwana Frank Dixey, amene anayamba nchito yace m'Nyasaland m'caka ca 1921. M'caka ca 1924 iye anapeza dothi la aluminiyamu, lochedwa bokosaiti, ku Lichenya pamwamba pa phiri la Mulanje, phiri lomwe lija anthu a ku Thyolo amaliona kum'mawa. Pamenepo mvula ya zaka zosawerengeka inatsuka silika nisiya aluminiyamu, koma anatsala wofewa, wosanganikirana ndi madzi, wosanyezimira konse. M'zaka za m'ma 1940 anthu anakumba korandamu weniweni ku Thambani, m'dera la Mwanza, koma anali wothimbirira, woyenera kunolera ndi kupalira zitsulo cabe.

Miyala yokongola inadziwika m'caka ca 1958 pa phiri la Chimwadzulu, m'mapiri a Kirk Range, m'boma la Ntcheu, kufupi ndi malire a Mozambique. Phiri limeneli ndi la miyala yakuda ija yosowa silika ndi yokhala ndi kromiyamu. Amuna amene anagwirako nchito ku migodi ya ku Joni asaganize za zitsime zakuya ndi zikweca zotsikira pansi. Ku Chimwadzulu dzuwa ndi mvula zinayamba kale nchito yofukula. Thanthwe linaola nilisanduka dothi lofiira, koma korandamu, popeza saola, anatsalira m'dothimo monga nthanga zitsalira m'dzungu loola. Nchito ya anthu inali kukumba dothilo, kulitsuka ndi madzi, kulisefa, ndi kusankha ndi maso. Yambiri yotulukamo inali safiro wotumbuluka, wobiriwira kapena wacikasu. Yofiira inali yocepa. Panalinso ina ya maonekedwe a pakati pa kufiirira ndi lalanje, imene amalonda amaicha padparadscha, dzina locokera ku cisumbu ca Sri Lanka, ndipo amaifuna koposa. Miyala yotere saiyesa pa sikelo ya cimanga. Muyeso wace ndi karati, ndipo makarati 5 ndiwo galamu imodzi.

Kuyambira m'zaka za m'ma 1960 makampani analandizana phirilo, wina kukumba zaka zingapo nacoka, wina nabwera. M'caka ca 2007 boma linapatsa kampani ya Nyala Mines cilolezo ca zaka 10. Miyala yace inali kupita ku kampani ya ku America ya Columbia Gem House, imene inali kuisema ndi kuigulitsa pa dzina lakuti Nyala, dzina la nyama ija ya ku Lengwe. Inachuka cifukwa yambiri inali yokongola cibadwire, pamene rubi wambiri wa m'masitolo a kunja amayamba wamuocha m'ng'anjo kuti maonekedwe ace akome. Cilolezoco cinatha m'caka ca 2017. M'caka ca 2022 boma la Malawi linalembera kampani ya ku America ija kuti ilipire madola mabiliyoni 309, ponena kuti misonkho ya miyalayo sinaperekedwe mokwanira. Kampaniyo inakana kwa mtu wa galu, niti mlanduwo ulibe maziko. Ndalama zimenezi ziposa kamakumi awiri cuma conse cimene dziko la Malawi limapanga pa caka, ndipo kuweruza mlandu wotere ndi nchito ya mabwalo. Koma cobala mkangano cikuoneka poyera: mwala unali kucoka ku Ntcheu uli wamatope, ndipo mtengo wace weniweni unali kudziwika kutsidya la nyanja, utasemedwa ndi manja a anthu ena.

Kusazindikira mwala kwanyenga ngakhale mafumu. Pa cisoti cacifumu ca ku England pali mwala waukulu wofiira umene kwa zaka mazana anthu anauyesa rubi, pamene uli mwala wina wochedwa spinelo, wopangidwa ndi aluminiyamu, okosijeni ndi magineziyamu. Kusiyana kwa miyala iwiriyi kunadziwika bwino m'caka ca 1783. Ndipo m'caka ca 1902 Mfalansa wina, Auguste Verneuil, anaulula njira yopangira rubi m'nyumba, posungunula ufa wa aluminiyamu ndi okosijeni pa lawi lotentha kwambiri. Rubi wopangayo ndi wolimba ndi wofiira monga wa m'phiri, koma mtengo wace ndi wocepa; ndiye amene amaikidwa m'kati mwa mawochi a m'manja kuti timagudumu tace tisadyeke. Cotero amanyengeka ndi onse awiri. Wogulitsa wa kumudzi amataya mwala weniweni pa mtengo wa nkhuku, ndipo wogula wadyera amapereka ng'ombe pa cibenthu ca galasi lofiira. Kunyengana kotere kunakula rubi wambiri atapezeka ku Montepuez, m'dziko la Mozambique, m'caka ca 2009, pamene mbiri ya kulemera msanga inawanda m'maiko onse oyandikana.

Komabe munthu wa ku Changata uja, amene wamanga kamwala pa nsalu, sali wopanda cocita. M'caka ca 1812 Friedrich Mohs wa ku Germany anandandalika miyala monga mwa kulimba kwace, kuyambira 1 kufikira 10, ndipo lamulo lace ndi lakuti wolimba amakanda wofewa. Cikhadabo ciri pakati pa 2 ndi 3, mpeni uli pakati pa 5 ndi 6, nsangalabwi yoyera iri pa 7, korandamu ali pa 9, ndipo womposa ndi dayamondi yekha, pa 10. Atenge tsono cibenthu cakuthwa ca nsangalabwi, akande naco kamwalako pambali, napukute ndi cala conyowa. Ngati patsala mzere, si rubi. Ayesenso kulemera kwace m'dzanja, pakuti korandamu amalemera kanai kuposa madzi a muyeso womwewo, pamene nsangalabwi sifika katatu.

Wonyenga wamkulu ndi ganeti, kamwala kofiira kopezeka m'matanthwe ambiri a dziko lino. Nakonso nkolemera, koma kamakhala kobulungira ngati nandolo, kufiira kwace nkoderapo, ndipo kulimba kwace sikufika pa 8. Kamwala kakapirira mayeso onsewa, mwini wace asakamenye ndi nyundo kuti aone m'kati, cifukwa korandamu ngakhale sakandika amasweka, ndipo mwala umodzi wa makarati 4 uposa kutali mtengo wa zibenthu zinai za karati imodzi imodzi. Akasunge bwino, alembe malo ndi tsiku limene anakatola, ndipo apite nako ku ofesi ya boma yoona za miyala ku Zomba, kumene kuli zipangizo zoyesera, asanakaonetse kwa wogula ali yense wa pamseu.